Thandizeni: manegetivu agalasi akale, ndiwatsuke kaye ndisanawasikane?

Wofunsa:
Akuluakulu pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo manegetivu agalasi, aja ankajambulira zithunzi filimu isanafale. Ndapatsidwa ntchito yowaika m'kompyuta, onse pamodzi angakwane 200. Ambiri ndi a masentimita 9 kwa 12, ochepa ndi a 13 kwa 18. Akhala zaka zambiri m'makatoni, ogonekedwa mosanjikizana, ena m'maenvelopu akale olembedwa ndi inki.

Litsiro ndiye lilipo: fumbi, zidindo za zala, ena m'mphepete mwake mukunyezimira mobiriwira ngati chitsulo, ena chithunzi chikusupuka m'makona. Atatu ndi osweka, awiri anamatirirana. Mnzanga akuti ndingowatsuka ndi madzi ofunda ndi kasopo pang'ono, koma mtima wanga ukukana. Nditani? Sikana yomwe ilipo ndi Epson V850, ndipo sindikudziwanso kuti mbali yogona pansi ndi iti.

Yankho:
Madzi ayi achimwene, chonde. Mnzanuyo muthokozeni, koma magalasiwo musamusiyire.

Yankho:
Bambo, ntchito imeneyi ndimaigwira, ndiye mundipirire nditalikitsa. Musanapukute kalikonse, yambani mwawasankhula. Tengani limodzi, mulipendeketse pa kuwala. Mbali imodzi imanyezimira, limenelo ndi galasi chabe. Inayo ndi yothimbirira, ndipo ndi komwe kuli kakhungu kopyapyala kosunga chithunzi, kamene timati emulsion. Kakhunguko kakachoka, chithunzi chapita, palibe kompyuta imene ingachibweze.

Dziwaninso mtundu wake. Alipo a collodion, mankhwala omata amene ankathira pagalasi kuti apange kakhunguko, njira imene Frederick Scott Archer anailengeza mu 1851. Amenewo galasi lake limakhala lochindikala, lodulidwa pamanja, mankhwala anathiridwa mosafanana, ndipo nthawi zambiri pakona imodzi pamatsala kamalo koyera pomwe wojambula anagwira ndi chala chachikulu. Ena ndi a gelatin (zomata zochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama), amene Richard Leach Maddox anayambitsa mu 1871 n'kudzafala cha m'ma 1880. Awa ndi a kufakitale, galasi lopyapyala, m'mphepete mowongoka bwino. Mmene mwafotokozeramu ndikuganiza kuti anu ndi a gelatin, koma onani limodzilimodzi. Chifukwa chake n'chakuti gelatin imafufuma ndi madzi, ndipo ngati inagwidwapo nkhungu imasungunuka kumene, pomwe collodion ndi vanishi wake zimasungunuka ndi spiriti. Choncho kumbali ya emulsion musagunditseko chamadzimadzi chilichonse.

Chololedwa kumbali imeneyo ndi kuuzira fumbi ndi kampira kopopera mpweya kaja ka ojambula zithunzi, osati ndi pakamwa. Kabulashi kofewetsetsa mungagwiritse ntchito pokhapo pamene kakhunguko kali kolimba. Amene akusupukawo musawauzire n'komwe. Agonekeni chagada, emulsion m'mwamba, paokha.

Kunyezimira kwa m'mphepeteko si litsiro. Ndi siliva wa m'chithunzi momwemo amene anakwera pamwamba chifukwa cha chinyezi ndi mapepala oipa. Mukamupukuta mwafufuta mbali ya chithunzi. Msiyeni, pa sikana saoneka kwambiri chifukwa kuwala kumachokera kumbuyo.

Mbali yagalasi yokha ndi imene mungapukute, ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono chabe m'madzi oyeretsedwa osakaniza ndi ethanol theka ndi theka, osafika m'mphepete kuopa kuti angadonthere kuseri.

Yankho:
Musaiwale magolovesi ansalu oyera aja.

Yankho:
Pepani achemwali, pa galasi ansalu sathandiza. Amaterera, ndipo ulusi wake umakola kakhungu kosupuka. Avale a nitrile, aja opyapyala onga alabala, opanda ufa, agwire ndi manja awiri m'mphepete, patebulo ayalepo chofewa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndapendeketsa monga mwanenera, ndipo ndaona kuti ena kumbali yagalasi kuli utoto wofiira, ena anamatapo timapepala topyapyala, ena ali ndi timizere ta pensulo pankhope za anthu. Zimenezi ndichotse?

Yankho:
Ayi ndithu! Imeneyo ndi ntchito ya wojambula mwiniwake. Utoto ndi timapepalato ankatchingira kuwala kuti mbali ina isade kwambiri potsuka chithunzi papepala, pensuloyo ankasalazira nkhope. Galasi lililonse lokhala ndi zimenezo lichotseni pagulu la opukutidwa. Komanso zonse zolembedwa pa envelopu yakale, mayina, malo, chaka, nambala, zikopereni kaye musanalekanitse galasi ndi envelopu yake, ndipo envelopuyo muijambule. Nambala zina anazikanda m'mphepete mwa emulsion. Fayilo iliyonse itenge nambala ya galasi lake, apo ayi mudzakhala ndi nkhope 200 zopanda mwini.

Yankho:
Za sikana: V850 imatenga mpaka mainchesi 8 kwa 10, ndiye anuwo akwana onse. Ine ndimaika emulsion pansi kuti chithunzi chituluke chakuthwa, koma ndimatsamiritsa makona pa timakadi topyapyala kuti isakhudze galasi la sikana. Potseka chivindikiro samalani, chisapsinje.

Yankho:
Apa ndisiyana nanu pang'ono achimwene. Kwa olimba njira yanuyo ndi yabwino, koma osupuka mukawatembenuza chafufumimba tizidutswa timatsalira pa sikana. Mukati muwagoneke chagada, galasi likakhudzana ndi galasi pamabwera timizere tozungulira tamitundumitundu, tija amati Newton rings, komanso chithunzi chimatalikira pomwe sikana imaona bwino. Osupuka ndi osweka ndi bwino kuwajambula ndi kamera yoyang'ana pansi, galasi litagona chagada pa bokosi lowala la LED lomwe silitentha. Mungokumbukira kuti chojambulidwa kuchokera kumbali ya emulsion chimatuluka chotembenuka, kumanja kumakhala kumanzere, ndiye mudzachitembenuze pa kompyuta. Zolembedwa pa zikwangwani ndi zimene zimaulula msanga.

Fayilo yoyamba ikhale TIFF ya 16-bit (mtundu wa fayilo wosunga bwino zonse za m'chithunzi), yoonetsa galasi lonse mpaka m'mphepete, isanasinthidwe kukhala chithunzi choonera. Zokonza ming'alu ndi madontho muzichitira pa kope.

Wofunsa:
Nanga osweka aja ndi omatirirana? Komanso ndikamaliza ndiwabwezere m'makatoni awo?

Yankho:
Osweka musawamate ndi guluu kapena selotepi. Yalani zidutswazo pa bokosi lowala moyandikana koma zisakhudzane, mujambule, mudzazilumikize pa kompyuta. Posunga zigone pa katoni yolimba, pakati pa chidutswa ndi chinzake pakhale kakadi kotchinga, pamwamba mulembe kuti losweka.

Amphumphu aliyense alowe m'pepala lake lopinda mbali zinayi, osati envelopu yolowetsa, chifukwa polowetsa ndi potulutsa ndi pamene kakhungu kamakandika. Pepalalo likhale lopambana mayeso oonetsa kuti silingawononge zithunzi, otchedwa PAT (ISO 18916), ndipo mulembepo ndi pensulo galasi lisanalowe. Aimikeni chilili pa mbali yaitali, aakulu paokha, aang'ono paokha, m'mabokosi olimba osadzaza kwambiri poti galasi ndi lolemera. Chipinda chikhale chozizira, chinyezi cha pakati pa 30 ndi 40 peresenti, chosasinthasintha. Makatoni akalewo asungeni padera, zolembedwa pamenepo zimathandiza kudziwa fakitale ndi nthawi yake.

Awiri omatiriranawo musawakanule, ngakhale ndi lezala, ndipo musawaviike. Akulungeni limodzi momwe alilimo, muwagoneke, adikire katswiri wokonza zithunzi zakale.