Ndithandizeni kaphikidwe ka girinipepa woika mpunga ndi nyama m'kati popanda uvuni

Wofunsa:

Moni nonse a pagulu lino. Ndikupempha nzeru kwa amene munaphikapo girinipepa woika mpunga ndi nyama yogaya m'kati, chifukwa apongozi anga akubwera kumapeto kwa mwezi uno ndipo ndikufuna kuwakonzera chakudya chosiyanako ndi nkhuku ya masiku onse. Maphikidwe amene ndawerenga pa intaneti akunena za uvuni wotentha madigiri 180 kwa mphindi pafupifupi 40, pomwe ine kunyumba ndili ndi mbaula ndi kachitofu ka gasi basi, ndiye ndikufuna kudziwa ngati zingatheke pamakala popanda kupsereza kunsi m'kati muli mwawisi. Chimene chikundizunguza kwambiri ndi mpunga, popeza ena akuti uikidwe wosaphika kuti upse ndi msuzi wa nyama, pomwe ena akuti uyambe waphikidwa kaye. Mpunga umene ndili nawo ndi wa Kilombero. Komanso pamsika wathu girinipepa wofiira ndi wachikasu ndi wokwera mtengo ndipo sapezekapezeka, choncho ndikufunsa ngati wobiriwira angachite. Tidzakhala anthu asanu ndi mmodzi.

Yankho la bambo wina amene amaphika mu hotela:

Amayi, onse awiri amene mwawawerengawo akunena zoona, kungoti akunena za maphikidwe awiri osiyana. Mpunga sungapse popanda madzi okwanira, ndipo madzi amene amachokera mu nyama ndi mu girinipepa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene mpunga umamwa. Mukafuna kuwotcha girinipepa wanu mouma monga amachitira mu uvuni, mpunga uyenera kuyamba waphikidwa. Koma mukamuphika mu poto, ataimikidwa mumsuzi wa tomato, mpunga wosaphika kapena wongowiritsa pang'ono umapsa bwinobwino. Njira yachiwiriyi si yongozembera kusowa kwa uvuni ayi, chifukwa ndi mmene amaphikira chakudyachi ku Hungary ndi ku Serbia, ndipo ku Turkey nako amaphika chawo chotchedwa dolma mu poto ndi mpunga wosaphika. Kwa munthu wa mbaula, ine ndingasankhe imeneyi mosakayika.

Kwa anthu asanu ndi mmodzi, gulani nyama yogaya theka la kilogalamu, ndipo mpunga wosaphika ukhale theka la kapu basi. Muutsuke, muuwiritse kwa mphindi zisanu zokha, kenako muukhetse madzi n'kuusiya uzizire. Kazingani anyezi mmodzi wamkulu wodula tating'onoting'ono pamodzi ndi adyo mpaka afewe, ndipo akazizira musakanize ndi nyama yaiwisi, mpunga uja, dzira limodzi, mchere ndi kale pang'ono ngati mumamukonda. Dzira limathandiza kuti zam'katizo zigwirane, zisamwazike mumsuzi. Girinipepa mumudule kumutu mozungulira kaphesi, muchotse njere zonse ndi timinofu toyera tam'mbali, kenako mumuboole kunsi kawiri kapena katatu ndi foloko kuti msuzi uzilowa. Poika zam'kati musatsendere ndi chala ndipo musadzaze mpaka pakamwa, koma musiye malo okwana ngati chala chimodzi chopingasa, chifukwa mpunga ukamafufuma umang'amba girinipepa wodzaza kwambiri.

Msuzi mukonze ndi tomato wakupsa bwino asanu ndi atatu, supuni imodzi ya tomato wam'chitini, mafuta pang'ono, mchere ndi kasupuni ka shuga. Sankhani poto woti girinipepa akaima azitsamirana, asamagwe. Msuziwo ufike cha m'khosi mwa girinipepa koma usamumize, ndipo ukachepa muonjezere madzi otentha cham'mbali mwa poto. Ukangoyamba kuwira, phulani makala ena kuti moto ukhale wochepa, muvundikire, ndipo zibwadamuke pang'onopang'ono kwa mphindi 50 mpaka ola limodzi. Musatakase ndi mthiko, koma muzingogwedeza poto mwa apo ndi apo kuti kunsi kusamatirire. Nyama yogaya imafunika kupsa mpaka pakati penipeni, pa madigiri 71, ndiye poti ambiri tilibe choyezera, konzani girinipepa mmodzi wapadera woti mumudule pakati musanaphule, muone ngati nyama yapsa ndipo mpunga wafewa.

Yankho la mayi wina wa ku Zomba:

Abambo afotokoza bwino, koma ine sindikuvomereza kuti njira ya poto ndiyo yokhayo yoyenera mbaula. Tonsefe timaphika chigumu ndi makala pansi ndi pamwamba, ndipo girinipepa amapsanso chimodzimodzi. Ndimathira mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, n'kukhazikapo mbale yachitsulo momwe ndaimikamo girinipepa ndi madzi okwana theka la kapu, kenako ndimavundikira ndi chitsulo chafulati n'kuyala makala ambiri pamwamba, pansi n'kusiya ochepa. Pa njira imeneyi zam'kati zonse zimayenera kukhala zophikaphika, ndiye kuti nyama yokazinga ndi anyezi ndi tomato, yosakaniza ndi mpunga wakupsa, moti motowo ntchito yake imangokhala kufewetsa girinipepa ndi kumupatsa kafungo kootcha kamene mu poto wa msuzi simungakapeze. Pakatha mphindi 30 amakhala atayamba kuchita makwinya ndi timawanga tabulauni m'mphepete, ndipo pamenepo ndi pamene ndimawaza tchizi pamwamba ngati ndili naye n'kubwezera chivundikiro kwa mphindi zisanu. Chokhacho n'chakuti njirayi imafuna munthu amene anazolowera moto wa mbaula yake, choncho achemwali muyambe mwayeserera ndi awiri kapena atatu apongoziwo asanafike.

Yankho la mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba:

Pa nkhani ya mtundu musadandaule. Wobiriwira ndi wosakhwima chabe, ndipo akanasiyidwa pamtengo akanafiira kapena kuchita chikasu malinga ndi mbewu yake. N'chifukwa chake wofiira amatsekemera ndipo amadula, popeza amakhala nthawi yaitali kumunda ndiponso sachedwa kuwonongeka akathyoledwa. Wobiriwira ali ndi kakuwawa pang'ono, koma shuga amene abambo aja atchula mumsuzi amakaziziritsa. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa pogula ndi maonekedwe: musankhe wolimba, wonyezimira, wa khungu lochindikala, amene kunsi kwake kuli timatako tinayi kuti aziima yekha. Girinipepa amene timapikula ku Lizulu nthawi zambiri sakhala wamkulu ngati amene mumamuona pazithunzi za kunja, choncho pa theka la kilogalamu ya nyama mugule khumi, osati asanu ndi mmodzi. Ndipo poti wa ku Lizuluyu amakhala wopyapyalako ngakhale mutasankha bwino, musatsatire zimene ena amalemba zoti muyambe mwamuwiritsa m'madzi, chifukwa adzafika patebulo ataphwanyika.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Ndasankha njira ya poto, chifukwa msuziwo udzathandizanso ngati apongozi aamuna atafuna nsima pambali, zimene ndikudziwa kuti adzafuna. Ndatsala ndi mafunso awiri. Mlamu wanga mmodzi sadya nyama, ndiye ndingamuikire chiyani? Komanso kodi ndingathe kukonzeratu zonse madzulo kuti m'mawa ndidzangoika pamoto, poganizira kuti magetsi kwathu kuno amazimazima ndipo firiji siidalirika?

Yankho la bambo wophika mu hotela uja:

Alamu anuwo muwaikire soya pisesi wonyika m'madzi otentha, wofinya bwino ndi kudula tating'ono, kapena nyemba zophika zotswanya pang'ono, ndipo muonjezere anyezi ndi supuni ya mafuta chifukwa zimenezi zilibe mafuta awoawo ngati nyama. Muwaphikire m'kapoto kapadera, chifukwa mu poto mmodzi msuzi umatenga mafuta a nyama ndipo umalowa paliponse kudzera m'mabowo aja.

Za kukonzeratu madzulo, ngati firiji siidalirika musayerekeze kugoneka nyama yogaya yaiwisi, makamaka yosakaniza kale ndi dzira ndi mpunga wowiritsa, chifukwa nyama yogaya imawonongeka msanga kuposa yam'nthuli, ndipo mpunga wophika nawo suyenera kugona pamalo ofunda. Zimene mungachite madzulo ndi kutsuka girinipepa, kumuchotsa njere, n'kumuika chozondotsa m'beseni lovundikira ndi kansalu koyera. Nyama mukagule m'mawa wa tsikulo, ndipo ngati kubutchala kuli makina, musankhe nthuli nokha n'kuwapempha kuti akugayireni muli pomwepo. Isakhale yopanda mafuta kotheratu, chifukwa yoteroyo ikaphikidwa ola lathunthu imauma n'kulimba m'kati mwa girinipepa. Mukaphula, musiye poto ali chivundikirire kwa mphindi khumi musanayambe kupakula, ndipo potulutsa mugwiritse ntchito chipande chachikulu cholowetsa kunsi, osati kunyamula cha kukamwa.