Zowonjezera pa funso la bearing yakutsogolo ya Corolla NZE121

Achimwene amene munafunsa zakuti bearing yatsopano yayambanso kulira patangopita masabata ochepa, mwanena kuti makaniko analowetsa ndi hamala, nati ya axle n'kuimanga ndi chipaipi. Vuto lagona pamenepo.

Bearing imeneyi imafuna pulesi, makina oikanikiza pang'onopang'ono poilowetsa. Poilowetsa mu knuckle (chitsulo chimene bearing imakhalamo), mphamvu ipite pa mkombero wake wakunja wokha, kenako bwezerani circlip (mphete yachitsulo yotchinga bearing kuti isatuluke) pamalo pake. Polowetsa hub (chitsulo chimene tayala limamangidwapo), chirikizani mkombero wamkati kumbuyo. Mukasemphanitsa, mphamvu imadutsa pa timipira tachitsulo ta mkati mwa bearing, timasiya timaenje ting'onoting'ono m'njira yawo yozungulira, ndipo phokoso limayamba pang'onopang'ono ngati ndege ili kutali.

Yang'ananinso hub yakale. Mkombero wamkati umatsalira pamenepo, ndipo ambiri amaudula ndi grinder n'kukanda chitsulo. Hub yokandika kapena yodyeka isinthidwe basi, ngakhale thumba lilire.

Nati ya axle ndi ya 30mm, yamakona 12, imamangidwa 216 Nm ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira). Ikhale yatsopano, ndipo mukamanga ikhomereni mumpata wa pa shaft kuti isamasuke. Musatsitse galimoto pa jeke n'kuikankha natiyo isanamangidwe; mamita ochepa okha amakwanira kuwononga bearing.

Musanagule ina, tsimikizani mbali. Phokoso likamakula mukakhotera kumanzere, nthawi zambiri yadwala ndi yakumanja. Matayala odyeka mosiyana amaliranso chimodzimodzi, choncho asinthanitseni kaye. Mukamaliza zonse, kapangitseni alayinimenti.