Ndithandizeniko pa nkhani ya h-index iyi abale

Abale anga, ndili kuno ku Kasungu ndikulemba pulojekiti ya matenda oiwalaiwala a okalamba, dementia makamaka Alzheimer's, poti kumudzi agogo akangoyamba kusochera anthu amathamangira kunena kuti ndi afiti, zimandiwawa bwanji.

Ndiye ndikusaka wondiyang'anira, ndikuona ofufuza pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti losakirapo mapepala a kafukufuku. Ndikudziwa kuti h-index, nambala yoyezera ntchito ya wofufuza ija anayambitsa Jorge Hirsch mu 2005, ikakhala 20 ndiye kuti mapepala ake 20 anatchulidwa ndi anzake kosachepera ka 20 lililonse, koma nanga bwanji munthu yemweyo pa Scopus, tsamba lina lotere, nambala imatsika? Ndikhulupirire iti? Komanso wina mapepala ali nawo ambiri koma dzina lake limangokhala pakatikati pa chigulu cha olemba, ameneyo ndi katswiridi wa dementia kapena amangokwera nawo? Odziwa ndiuzeniko chonde.