Pulojekitala ya laser ija yasiya kugwedera

Mwezi watha ndinafunsa chomwe chinkachititsa kuti chithunzi cha pulojekitala yanga chizigwedera m'mbali. Inu amene munaloza kalilole wozungulira wa mu printer ya laser, amene amayendetsa kuwala kuti kujambule mizere ya chithunzi mu pulojekitalayi, munalondola. Mbali zake zisanu ndi imodzi sizofanana ndendende, choncho mzere uliwonse unkayambira pakepake. Ndaika photodiode (kachipangizo kozindikira kuwala) kumayambiriro kwa mzere, ndipo laser imayamba kujambula kuwala kukangogunda photodiodeyo. Zilembo zaongoka tsopano.

Vuto latsala pa mizere. Kalilole akamazungulira ka 30,000 pa mphindi amapereka mizere 3,000 pa sekondi, ndiye pa zithunzi 30 pa sekondi ndi mizere 100 yokha. Nkhope ya munthu ikuzindikirika, koma mpira simungaonerepo ayi.

Pokonza galvo (kakalilole koyendetsedwa ndi mota) yotsitsa mizere, magalasi oteteza maso musavule.