Thiranki ya zinthu zakale yobwereketsa masukulu yabwerako itaonongeka: tikonze pati?

Nachisale (za maphunziro, myuziyamu): Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Masukulu ambiri sangakwanitse minibasi yobweretsa ana kuno, ndiye tinakonza thiranki ya zinthu 20 yoti izizungulira m'masukulu a m'zoni imodzi. Teremu imodzi yokha, mphika wang'aluka kukamwa, chipande ndi mpini wa khasu zikutuluka ufa, chiwondo chachita nkhungu, kobiri lakale labowo pakati lasowa. Chondiwawa kwambiri n'choti mphunzitsi akungokweza chinthu m'mwamba ali kutsogolo, ana 120 n'kumaonera patali. Tiyambire pati?

A Mbewe (wosamala zosungidwa): Mayi Nachisale, thiranki imeneyo isalowe m'sitolo ya myuziyamu (chipinda chosungiramo zinthu zakale), ingapatsire zinazo tizilombo. Zamitengo ndi zoluka zonse muziike chilichonse papepala lakuda kwa masabata awiri. Mukapeza timilu ta ufa woyera pansi pa timabowo, anankafumbwe akadali moyo mkatimo. Ufa wotuwa wongogwa mukagwedeza ndi wakale.

Chofumbwacho chikulungeni m'nsalu ya thonje, chilowe m'pulasitiki yokhuthala, finyani mpweya, matani bwino, kenako mufiriza yofika -20°C masiku 7. Mukatulutsa musamasule mpaka patatha maola 24, kuti thukuta lichite kunja kwa pulasitiki osati pamtengo. Magetsi akazima nthawi yaitali zinthu n'kufunda, yambiraninso kuwerenga masikuwo. Actellic kapena Doom ayi ndithu. Zinthu izi zikugwiridwa ndi ana amene akatero akukadya chimanga chokazinga osasamba m'manja.

A Gondwe (Karonga): Kumene firiza ndi yosadalirika, dzuwa limagwira ntchito, makamaka Okutobala. Nsalu ya thonje, pulasitiki yakuda yomata, muike pathabwa osati pansi, chopimira kutentha chikhale mkati. Chikafika 55°C musunge pamenepo maola atatu kapena kuposerapo ngati mtengowo ndi wonenepa, chifukwa pakati pamachedwa kutentha. Koma ng'oma isalowe mufiriza kapena padzuwa lotere: chikopa chimang'ambika, phula limasungunuka.

A Mbewe: Zoona a Gondwe. Tsono funso lalikulu: zinthu 20 zimenezi zili ndi manambala a m'kaundula wamkulu wa myuziyamu? Ngati zili nawo, zibwerere m'sitolo zikachira. Za kusukulu zikhale gulu lakelake, lokhala ndi kaundula wake, nambala iliyonse yoyamba ndi M, kutanthauza maphunziro. Pitani kwa amayi oumba akuumbireni miphika itatu yofanana, wina ukasweka pali wolowa m'malo. Lichero, nsengwa, chipande, chisekese, zonsezi amisiri akupangabe.

Aphunzitsi a Jere (Sitandade 6): Pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono bambo Mbewe. Mukatitumizira lichero latsopano ana amaseka, amati kwathu liliko. Chimene chimawakhazika chete ndi chinthu chakaledi. Mwana akagwira kobiri la nthawi ya Chitaganya, n'kulowetsa kamtengo pabowo, n'kumva kuti kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, funso limabwera lokha: nanga agogo ankagulira chiyani mchere? Musatichotsere zimenezo.

A Mbewe: Mwanena zomveka aphunzitsi. Ndiye tigawe pawiri. Zakale zolimba komanso zopezeka zambiri zipite: makobiri, khasu losula, mapale amene sitidziwa komwe anatoledwa. Kobiri lililonse lilowe m'kachikwama ka pulasitiki yoonekera, kosokedwa pakhadi lalikulu ngati chikhatho, silingalowe m'thumba la kabudula mwakachetechete. Koma phale la Nkope kapena la Mawudzu (mitundu ya miphika yamakedzana) lofukulidwa ndi akatswiri, lodziwika dzenje lake, lisatuluke. Muwauzenso ana kuti akapeza mapale kumunda asakumbe, akauze aphunzitsi. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kufukula popanda chilolezo.

Nankhoma (Dedza): Ndionjezere chimodzi chimene timachiphonya. Chigoba cha Gule Wamkulu chisalowe m'thiranki, ngakhale chosema dzulo. Kuchipereka m'manja mwa ana m'kalasi n'kulakwira eni mwambo, ndipo mudzayambanitsa sukulu ndi mafumu. Nkhani ya gule ndi ya zojambula za pamiyala ya Chongoni ziphunzitsidwe ndi zithunzi za A4 zomatidwa pulasitiki. Pa Chongoni ikani ziwiri: china cha zofiira, zimene amati anajambula Akafula, china cha zoyera za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Kuseri lembani mwachidule kuti malowa alipo 127 ndipo UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Ana ayambe anena okha kusiyana kwa ziwirizo asanatembenuze.

A Gondwe: Za kapakidwe. Thiranki yachitsulo imachita thukuta mkati nyengo ya dzinja, nkhungu ya pachiwondo yachokera pamenepo. Pezani bokosi la pulasitiki lotseka bwino. Dulani thonje la matiresi lolimba, masentimita 10 kukhuthala, mubowole malo a chinthu chilichonse molingana ndi maonekedwe ake, muyale nsalu yochapa yopanda sitachi. Ubwino wake, bowo likakhala lopanda kanthu aliyense amaona kuti china chasowa. Zachitsulo pansi, m'thumba lawolawo ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, kutali ndi chiwondo chifukwa dzimbiri limathimbiriritsa. Chiwondo musapinde, chimathyoka mopindamo, chikulungeni pachipaipi. Nyuzipepala ayi, inki imatsalira. Bokosi lisapitirire makilogalamu 12, pajatu lidzakwera kabaza.

Nambala musalembe pa selotepi, imamatuka n'kusiya zomata. Pakani kachigamba ka Paraloid B-72 (vanishi woonekera amene amagwiritsa ntchito m'myuziyamu), kakauma lembani ndi inki, pakaninso pamwamba. Ikasowa, kakhadi komanga ndi ulusi wa thonje n'kokwanira. Mphika wong'alukawo musauthire supa gulu. Usiyeni choncho, ana aone mkati mwa dongo momwe munapsera.

Aphunzitsi a Jere: Tsopano za ana 120 zija. Mphunzitsi amakweza chinthu m'mwamba chifukwa akuopa kulipitsidwa chikasweka. Lembani pachivundikiro kuti chosweka mwangozi salipira, angolemba m'kabuku. Mukatero manja amasuka.

Zinthu zichepe, zikhale 12. Tulukani panja pamthunzi, mphasa kapena masaka 12, gulu lililonse ana 10. Zinthu zikhale pamphasa, ana ndiwo azisuntha, chifukwa zambiri zimasweka popatsirana. Malamulo atatu: gwira utakhala pansi, ndi manja awiri, mphika osaunyamulira kukamwa. Pa mphindi 35, zisanu ndi za malamulo, maulendo atatu a mphindi 7, zotsalazo magulu afotokoze. Gulu lililonse liona zinthu zitatu zokha, ndipo n'zabwino, chifukwa limakhala ndi chowauza anzawo.

Dzina la chinthu lisakhale poyera. Khadi la ana lingofunsa: chapangidwa ndi chiyani, wadziwa bwanji, chaperepeseka pati, masiku ano timagwiritsa ntchito chiyani m'malo mwake? Funso la kuperepeseka ndi limene limabala zambiri. Mwana akaona kuti chipande chadyeka mbali imodzi, amayamba kutsutsana ndi anzake ngati mwini wake anali wamanzere. Mayankho akhale m'kabuku ka mphunzitsi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, mutu uliwonse ataulumikiza ndi silabasi ya Social and Environmental Sciences kapena Expressive Arts. Popanda zimenezo ambiri aliona ngati ntchito yoonjezera.

Nachisale: Zikomo nonse, ndalemba. Nanga kayendedwe? Pano likuchoka sukulu kupita sukulu osabwerera kwa ife.

Nankhoma: Mpamene kobiri linasowera pamenepo, palibe amene anawerenga. Bokosilo lizidutsa ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'zoni. Sukulu isunge masabata awiri, pobweza awerenge pamaso pa a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale m'zoniyo, pogwiritsa ntchito pepala la zithunzi 12 lomatidwa mkati mwa chivundikiro, onse awiri asayine. Musanayambe, pemphani ola limodzi pa tsiku limene aphunzitsi a zoniyo amakumana, muwakhazike pamphasa achite phunzirolo ngati ana. Potsekera teremu bokosi libwerere kwa inu, zamitengo zikagonenso papepala lakuda la a Mbewe lija.