Gulu la Mbumba: Tadala walowa timu yosambira

Lolemba madzulo

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Tadala amutenga mu timu yosambira ya kusukulu kwawo. Anawayesa Lachisanu, kalata yabwera lero. Chimwemwe chilipo koma mutu waima, chifukwa kalatayo ndi ya masamba awiri, ndipo tsamba lachiwiri ndi zogula zokhazokha.

Malume ku Joni: Mbumba yanga imeneyo! Magazi a ku Nkhotakota sanama.

Bambo a Tadala: Alamu musayambe kulanda mwana. Mapapo amenewo ndi a ku Ntcheu, okwerera mapiri.

Malume ku Joni: Inu alamu amene munakana kulowa m'madzi ofika m'mawondo ku Senga Bay? Chithunzi ndikadali nacho.

Mayi a Tadala: Zocheza pambuyo. Zofunika ndi izi: kostyumu ya timu, makapu awiri ovala kumutu posambira, ma goggles (magalasi osambirira), tawulo lalikulu, ndi ndalama yolembetsera mpikisano uliwonse womwe alowe. Kukonzekera ndi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, 5:30 m'mawa akhale ali m'madzi. Kenako mu Novembala kuli mpikisano wa masukulu ku Lilongwe.

Mayi Aakulu: 5:30 ali m'madzi? Kuchokera ku Chilomoni? Ndiye kudzuka kwake 4 koloko. Mwana wa zaka 12 azidzagona m'kalasi ameneyo.

Yamikani: Aakulu, Tadala amadzuka kale 4:30 n'kumationongera tulo ndi wailesi. Bola akaonongere madzi.

Mayi Aakulu: Ine changa si tulo tokha ayi. Ndinene poyera popeza pano ndi pa ife tokha. Mwana wayamba kusinkhuka. Tizovala tija ndimationa pa TV. Aziyenda nato pamaso pa azibambo a eni? Kwathu kunyanja doko la amayi linali palokha, la abambo palokha.

Azakhali ku Leeds: Mlamu, nkhawa yanuyo ndaimva, koma pali mtundu wina wa kostyumu wofika m'mawondo. Malamulo a mpikisano amalola, bola isapitirire bondo, isaphimbe khosi, komanso isatsike kupitirira phewa. Akatswiri ambiri amavala yomweyo pa mipikisano ikuluikulu. Akatuluka m'madzi tawulo lili pompo, kaya chitenje.

Mayi Aakulu: Ngati ilipo yofika m'mawondo ndiye nkhani ina. Chitenje ndigula ndine.

Mayi a Tadala: Ndifunsa kochi mawa ngati ya timu ilipo ya mtundu umenewo. Akati palibe, ndipempha tigule tokha ya mtundu wofanana ndi wa sukulu.

Lachiwiri m'mawa

Mphatso: Mwadzuka bwanji. Ndawawerengera agogo zonse za dzulo. Akhala chete nthawi yaitali, kenako ati ndilembe ndendende mmene akunenera, ndisachotse kanthu. Ndiye nazi.

Mphatso: Akuti: "Ine ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja. Ndinadziwa kusambira ndisanadziwe kusinja. Palibe angandiuze za madzi. Achimwene anga ankasambira kuposa mwamuna aliyense pa doko lathu, koma mwera utawatembenuzira bwato akuchokera kokola usipa, tinawapeza patapita masiku atatu. Papsa tonola sudziwa mtima wa moto. Mwana mwamutumiza kusukulu kuti akaphunzire, inu mukumuponya m'madzi kusanache. Ine sindikuvomera."

Malume ku Joni: Mayi, pepani. Nthabwala zanga za dzulo ndinaiwala za malume athu.

Mayi a Tadala: Mphatso, uwauze kuti ndamva ndipo sindikuwatsutsa. Nkhani ya malume ndinakula nayo. N'chifukwa chake ndinamulola Tadala kuyamba maphunziro osambira ali ndi zaka 8, kuti akamabwera kumudzi pa holide ndisamagone ndi mantha. Koma uwafotokozere bwino za malowo. Si nyanja, si mtsinje. Ndi dziwe lomanga ndi simenti, kutalika kwake mamita 25, madzi oyera oti ukaponya K10 yachitsulo umaiona pansi. Mulibe mafunde, mulibe ng'ona. Mwana aliyense amasambira mu mzere wake, zingwe uku ndi uku zoti atha kugwira. Kochi amayenda m'mbali kuwayang'ana, ndipo saloledwa kulowa iye asanafike.

Mphatso: Akufunsa za likodzo. Akuti ana onse osambira amakodza magazi.

Azakhali ku Leeds: Funso labwino limenelo. Likodzo limafuna nkhono za m'madzi, tizilombo take timakulira mmenemo kenako n'kuboola khungu la munthu. M'dziwe lothira chlorine mulibe nkhono. Kunena zoona, kumene Tadala angalitenge ndi kwa agogo komweko akamasewera m'bango. Akabwera ku holide muzimuyezetsa, mankhwala ake ndi praziquantel, kuchipatala aliko.

Mphatso: Ndawauza. Aseka pang'ono, akuti ndiye kuti woopsa ndi iwowo. Koma sanati inde. Apita kudimba.

Bambo a Tadala: Asiyeni aganize. Ife tikambe za mayendedwe, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Lolemba ndi Lachisanu ndimuperekeza ndine, ndizikadikira kuntchito kuti kuche. Lachitatu ndimakhala ku Limbe usiku, ndimaweruka 6. Komanso mukudziwa mmene mafuta amavutira, tsiku lina galimoto idzagona pa mzere.

Yamikani: Lachitatu ndimutenga ine pa kabaza. Pali mkulu wina wa njinga yamoto pa siteji yathu, ndimamudziwa, ali ndi mahelimeti awiri.

Mayi a Tadala: Atatu pa njinga imodzi mumdima? Iyayi Yami. Agogo akuopa madzi, ine ndikuopa zimenezo. Pali mayi wina wa ku Namiwawa, mwana wakenso ali mu timu. Ndilankhula naye kuti Lachitatu azimutenga, ife tizitenga wake Lachisanu. Iwe ntchito yako ndi kumufikitsa pamsewu ndi tochi.

Yamikani: Ndatsitsidwa udindo kuchoka pa manijala kufika pa mlonda.

Lachiwiri usiku

Azakhali ku Leeds: Palibe watchula za tsitsi. Chithunzi chija munatumiza pa Sabata, Tadala waluka mameshi ofika pamsana. Kapu wamba salowa pamenepo.

Mayi a Tadala: Mlamu mwandigwira pamtima. Pa mayeso paja kapu inavuka kawiri. Ulendo wachiwiri anaisiya ikuyandama, iye n'kumapitirira tsitsi lili kumaso. Atabwera kunyumba anatenga sizasi akuti amete mpala. Ndinachita kumulanda.

Azakhali ku Leeds: Asamete mokwiya. Kuno kuli makapu aakulu opangira tsitsi ngati lathu, ena amatchedwa Soul Cap. Anachitapo nkhani mu 2021, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse litawakana ku Olympics ya ku Tokyo, ati satsatira mmene mutu ulili. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo mu 2022 anawavomereza. Ndigula awiri. Mnzanga wa kuntchito akubwera ku Blantyre kumapeto kwa mwezi, ndimupatsira. Koma mameshi aatali achotse ndithu, amamwa madzi n'kumalemera, ndipo sauma msanga. Aluke mizere yake yachibadwa. Asanalowe azinyowetsa tsitsi ndi madzi a pampopi kuti lisamwe a chlorine ambiri, akatuluka atsukuluze, apake mafuta. Apo ayi lidzayamba kuthothoka.

Mayi Aakulu: Ndipo khungu. Ana osambira amatuwa ngati agona paphulusa. Vaseline asachoke m'chikwama.

Malume ku Joni: Ma goggles ndi kostyumu ndi zanga. Mlongo, nditumizire saizi ndi mtengo, Lachisanu ndikalandira ndiponya pa Mukuru. Koma ndili ndi funso, akusambira mtundu uti? Ndikufuna ndizidzitama molondola kuntchito.

Yamikani: Breaststroke, kachule kaja. Ndi mmene ali ndi liwiro. Freestyle ali pakatikati, chagada amakhotera ku chingwe, butterfly tisakambe, amaoneka ngati nkhuku yagwera m'chitsime. Koma malume, pa mayeso anatsala pang'ono kugwa. Anafika woyamba koma anagunda khoma ndi dzanja limodzi. Pa breaststroke ndi butterfly lamulo ndi manja onse awiri nthawi imodzi, potembenuka ndi pomaliza pomwe. Kochi anamuuza kuti ukanakhala mpikisano weniweni akanamuchotsa, nthawi yake osawerengedwa. Analira mpaka kunyumba.

Malume ku Joni: Dzanja limodzi lokha? Nkhanza zimenezo.

Yamikani: Zilipo zambiri. Ukadumpha belu lisanalire, kamodzi kokha, watuluka. Pano akuyeserera pa khoma la kukhitchini, akangodutsa, phaa manja awiri. Mayi atopa kupukuta.

Bambo a Tadala: Ndipo akudya ngati anthu atatu. Lachisanu anamaliza nsima yake n'kuyamba kuyang'ana yanga.

Mayi a Tadala: Kochi anati asalowe m'madzi ndi njala komanso asakhute. Nthochi imodzi ndi tiyi pochoka, phala la m'fulasiki akatuluka. Likuni Phala ndi nsinjiro zikhala zambiri mwezi uno. Amene ali ndi mtedza kumudzi wamva.

Mphatso: Ndamva azakhali, ndamva.

Lachinayi

Mayi Aakulu: Za Novembala tikambiretu. Mukafikira kwathu ku Area 25, za malo ogona musavutike. Mpikisanowo uli kuti?

Mayi a Tadala: Kalata ikuti ku dziwe lija la ku Kamuzu Institute.

Mayi Aakulu: Lomwe anamangira masewera a Region 5, a achinyamata a mayiko a kumwera kwa Africa, mu Disembala 2022? Ndinapitako ndi ana a kutchalitchi. Ndi lalikulu zedi, kuima mbali ino munthu wa tsidya umamuona ngati kamwana.

Yamikani: Ndi la mamita 50, muyezo wa Olympics. Apa ndi pamene Tadala akuopa. Kusukulu 50 metres ndi kupita ndi kubwera, pakati umadzikankha pa khoma n'kupumako pang'ono. Uko palibe khoma la pakati, ungoona madzi mpaka kumapeto. Akuti usiku wapitawu walota akusambira osafika.

Azakhali ku Leeds: Umuuze kuti Amalawi anzake anayambira m'maiwe aang'ono omwewa. Joyce Tafatatha anasambira ku Olympics ya ku London mu 2012 ali kamtsikana. Ammara Pinto anapita ku Rio mu 2016. Ku Paris mu 2024 kunali Tayamika Chang'anamuno ndi Filipe Gomes. Ndipo pafupi pompa pa Zimbabwe, Kirsty Coventry anayambira ku sukulu za mu Harare, n'kudzatenga golide wa 200m chagada ku Olympics mu 2004 ndi 2008. Mu 2025 anamusankha kukhala pulezidenti wa IOC, bungwe loyendetsa Olympics.

Bambo a Tadala: Mlongo, pang'onopang'ono. Ife tikungopempha agunde khoma ndi manja awiri. Ndipo ndanena kale kunyumba, masamu akatsika, madzi ayamba aima. Kusukulunso lamulo ndi lomwelo.

Malume ku Joni: Apa ndiye ndili mbali ya alamu, kamodzi pa chaka.

Mayi a Tadala: Za Novembalazo, timu idzanyamuka Lachisanu pa basi ya sukulu. Ine ndi Yami tikwera yathu m'mawa womwewo, ndi maola anayi kapena asanu kudzera pa Zalewa. Bambo ake sapeza tchuthi. Kochi wapemphanso makolo awiri a timu iliyonse kuti akagwire mawotchi, akuti mzere uliwonse umafuna owerengera nthawi ake.

Mayi Aakulu: Ine ayi. Ndingadine mwana asanafike chifukwa cha chikondi.

Yamikani: Ndigwira ine. Saika munthu pa mzere wa m'bale wake, musade nkhawa.

Lachinayi usiku

Mphatso: Tadala anaimba madzulo, walankhula ndi agogo pafupifupi ola lathunthu mpaka mayunitsi anatha. Sindinamve zonse. Ndinangomva agogo akumufunsa mmene amapumira, kenako anaimirira pakhonde kumuonetsa mmene ankapalasira iwo, ngati kuti akuwaona pa foni. Tsopano ati ndilembe izi.

Mphatso: Akuti: "Sindinavomere. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga madzi amene akuti pansi pake pamaoneka. Ndikakhala pafupi, osati kumtunda kwa mabenchi. Ndikaona china chosandikomera ndikamutulutsa ndekha, kochi wanuyo adzandikhululukire."

Malume ku Joni: Mayi akalowa ndi chitenje chomwe, ine ndikuwadziwa. Thiransipoti yawo ndi ya Mphatso ndiwonjezera pa Mukuru pomwepo.

Mayi Aakulu: Mphatso, mudzakwere ya m'mamawa yodzera ku Salima, isadzakupezeni mdima. Ndidzakuchingamirani pa depoti. Mankhwala awo a BP usadzaiwale, ndi juzi, kuno kumazizira m'mawa ngakhale mu Novembala kwa munthu wozolowera kunyanja.

Mphatso: Akuti abweretsa mpunga ndi usipa wouma, mwana asakasambire ndi mabisiketi m'mimba. Mtedza nditumiza Loweruka pa minibasi, ndidzakupatsani nambala ya kondakitala.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Kochi wayankha, kostyumu yofika m'mawondo ilipo koma saizi yake yatha, ifika pakatha milungu iwiri. Pakadali pano avala yakale. Achimwene, mtengo ndakutumizirani kumbali.

Mayi a Tadala: Ndine Tadala ndabwereka foni. Agogo akabwera asadzakuwe dzina langa la kumudzi lija pa gulu chonde

Mphatso: Ndawawerengera. Akuti adzakuwa lomwelo.

Bambo a Tadala: Bweza foni ukagone iwe, mawa ndi Lachisanu. 4:45 ndiliza galimoto, amene sanakwere watsala.