Rampa pa buloko yatsopano ya sukulu

Wapampando (Tete): Mwaswera bwanji nonse. Mmisiri wafika pakhonde tsopano, ndiye akufunsa: masitepe okha kapena tiikenso rampa, njira yokwera yopanda masitepe yoti anthu aulumali adutsepo? Rampa pamodzi ndi chimbudzi cha khomo lotakasuka akuti zidya matumba 14 a simenti. M'thumba mwangotsala ya malata. Tiyankhe lero, mawa akuthira.

Bambo a Tadala (Johannesburg): Ine ndisabise mawu. Ndalamayi tasonkha ndi thukuta. Pasukulu paja ndaphunzirapo zaka 7, mwana woyendera njinga ya aulumali sindinamuonepo. Rampayo adzakwerapo ndani, mbuzi? Mvula ili pafupi, tifolere kaye.

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Mbuzi zidzakwerapodi 😂 koma za malatazo a Tadala sakunama.

Aphunzitsi (Domwe): Achimwene, simunamuone chifukwa sanabwere, osati kuti kulibe. Mwezi wathawu tinkayenda m'makomo kulemba ana oyamba sukulu. Pakhomo pena kutsidya kwa dambo tinafunsa kuti ana alipo angati, agogo akuti atatu. Tili mkati mwa kulemba, tinamva wina akuyimba m'nyumba. Mtsikana wa zaka 9, amayenda chokwawa, mawondo anachita kuuma ngati chidendene. Agogo amvekere, "Ameneyo musamuwerengere." Mwanayo anandiwerengera mpaka 100, anaphunzira pongomvera alongo ake akamaloweza madzulo. Sindinagone bwino tsiku limenelo.

Mayi a Chisomo: Ndawadziwa. Anthu amati bambo ake anamukhwimira chigayo.

Anamwino (Moatize): Mayi, mawu amenewo ndi amene akumutsekera m'nyumba mwanayo. Miyendo imafooka ndi poliyo, malungo akafika kumutu, kapena mwana akachedwa kupuma pobadwa. Mu 2022 poliyo inapezeka m'chigawo chathu chomwechi, kuyambira ku Changara, n'chifukwa chake a katemera ankagogoda khomo ndi khomo. Chigayo chilibe mlandu.

Mayi a Chisomo: Ine ndangonena zomwe zimanenedwa.

Anamwino: Ndi momwe zimafalikira.

Mlembi (Beira): Ndingokumbutsa, Decreto 53/2008 imalamula kuti nyumba zofikako anthu onse zikhale zoloweka ndi anthu aulumali, ndipo mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza ufulu wawo. Tikaipereka bulokoyi kuboma ilibe rampa, manyazi ndi athu.

Bambo a Tadala: Lamulolo libwera ndi simenti yake?

Msungichuma (Domwe): Ndinakhala chete dala, ndimve kaye. Achinyamata ena pano mumangondidziwa pa M-Pesa. Mwendo wanga wamanzere unatsala m'munda mu 1993, titangobwera kuchoka ku Dedza nkhondo itatha. Ndinapita kukaona ngati mango a bambo anga analipobe, ndinaponda bomba. Pamene munkandisankha kusunga thumbali, wina ananena kumbali kuti ndalama sizisungidwa ndi munthu amene sangathamangitse wakuba. Ndinamva. Zaka 6 tsopano, metikali ngakhale imodzi yasowa?

Za rampa ndinene chonchi. Kuofesi ina kutauni anaimanga yotsetsereka ngati chulu, yosalala ngati mbale. Tsiku la mvula ndodo yanga inaterereka, ndinagwa chagada, mapepala mbwee m'matope, alonda n'kumati "pepani madala" akubisa kuseka. Ngati ndi yotere, bola osamanga. Ikhale yaitali, yokwera pang'onopang'ono, simenti yokhakhala, ndi chogwirira m'mbali. Ndipo chimbudzi ndiye chachikulu kuposa rampayo. Aphunzitsi anene, pansi pa chimbudzi cha ana pamakhala bwanji ikamakwana 10 koloko. Mwana woyenda ndi manja alowemo? Adzabwera sabata imodzi, kenako adzakana yekha, ife n'kumati tinayesa.

Komanso tsiku lokambirana pulani munakhala m'chipinda chapamwamba kuja ku Tete. Ine ndinadikira pansi ndi buku la ndalama.

Wapampando: Amalume, zimenezo tinalakwa. Pepani.

Bambo a Tadala: Madala, za mbuzi zija ndabweza. Koma nkhawa yanga ikadalipo, makoma akanyowa tiluza zonse. Ine ndiwonjezera matumba 4 kumapeto a mwezi, ya malata isakhudzidwe.

Anamwino: Ine 3. Za njinga ya mwanayo ndikafunsa ku INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, koma sindikulonjeza.

Mayi a Chisomo: Ine simenti ndilibe, ndigulitse kaye mbatatesi. Koma agogo aja timapemphera limodzi. Aphunzitsi akapita okha adzawabisiranso. Ndipite nawo Lamlungu tikaweruka.

Aphunzitsi: Bwerani, ndipo tiwauzenso anyakwawa. Ana a m'kalasi ndiyamba kuwakonza ndekha, ndisamve wina akumutchula chilema.

Wapampando: Ndiye matumba 7 apezeka, atsala 7. Ndamuuza mmisiri asathire mpaka Lachisanu. Amalume, mawa mungafike pamalopo mukamuonetse pamene rampa iyambire? Nditumiza mnyamata wa njinga yamoto.

Msungichuma: Abwere m'mawa dzuwa lisanakwere. Ndipo a ku Johannesburg awiri simunapereke ya mwezi watha, mayina ndili nawo.